NKHOKWE YA NTHANO M'THUMBA LA WAPAULENDO

Basi yopita ku Chipata inanyamuka pa Intercity mu Lusaka kusanace bwino. Pa mpando wa ku zenera panakhala mdzukulu wathu wa zaka 11, amene tinali kumperekeza kumudzi pa chuti ca mwezi wa August. Mseu wa Great East ndi wautali, makilomita pafupifupi 570 kukafika ku Chipata, ndipo yense amene anauyendapo ndi mwana alidziwa funso lija limene limayamba basi isanapitirire ndi pa Chongwe pomwe: "Agogo, kodi tifika liti?"

Tsiku limenelo funsolo silinamveke. Mnyamatayo anapisa dzanja m'cola cace natulutsa kanthu kathyathyathya, kopyapyala kuposa kabuku ka nyimbo, kamene amalume ace anambwereka. Anaweramirapo nkhope nangoti zii. Tinadutsa Rufunsa, tinayamba kukwera ndi kutsika mapiri, iye osadzutsa mutu. Pa ulalo wa Luangwa, pamene basi imaima kuti anthu agule nsomba zouma ndi madengu, tinacita kumgwedeza phewa kuti atsike akaongole miyendo.

Tinampempha kuti nafenso tione. Pa galasi pace panali tsamba la nthano ya zithunzi, zakuda ndi zoyera, zooneka ngati zosindikizidwa pa pepala. Dzuwa linali kuomba pa galasilo, koma zithunzizo zinali kuoneka bwino lomwe, kusiyana ndi foni yathu imene pa dzuwa timacita kuiphimba ndi dzanja. Tinayesa kuwerenga, koma nkhani inali yosokonekera: munthu anali kugwa pansi asanamenyedwe, ndipo yankho linali kubwera funso lisanafunsidwe. Mwana anaseka nati, "Agogo, mwayambira kolakwika. Za ku Japan timayambira ku manja kupita ku manzere."

Ulendo usanathe, iye anali atapempha kale kuti timgulire kace. Tidziwa kuti pempho lotere lidzafika, kapena lafika kale, m'nyumba zambiri za awerengi athu, ndipo ndalama zace si zamasewera. Akulu anati safunsa anadya phula. Ndico cifukwa cace tinakhala pansi kufufuza za kacipangizoka, ndipo zimene tinapeza tizipereka kwa inu makolo anzathu kuti mupime nokha.

INKI IMENE IYENDA

Dzina lace pa Cingerezi ndi e-reader, kutanthauza cowerengera mabuku a pa makina. Ngakhale kaoneka ngati foni yaikulu, galasi lace ndi la mtundu wina. Galasi la foni limayenera kuwala nthawi yonse imene munthu ali kuyang'anapo, ndipo kuwalako kumadya batire. Galasi la cowerengera lili ndi timatumba tambirimbiri, kalikonse kocepa ngati kunenepa kwa tsitsi la munthu. M'kathumba kalikonse muli madzi oonekera ndi tinjere ta mitundu iwiri, toyera ndi takuda. Mphamvu ya magetsi ikadutsa pansi pace imakankhira pamwamba toyera kapena takuda, ndipo potero pamapangika zilembo ndi zithunzi. Tsamba likakhazikika, magetsi safunikanso: cithunzi cimakhala pomwepo kufikira munthu atatembenuza tsamba lina. Pamenepa ndi pamene pagona cinsinsi ca batire lace lokhalitsa, ndiponso ndi cifukwa cace tsamba lace limawerengeka pa dzuwa monga pepala.

Luso limeneli linatulukira pa sukulu ya ukacenjede ya MIT ku America, m'gulu lotsogozedwa ndi Joseph Jacobson, ndipo mu 1997 kunakhazikitsidwa kampani yochedwa E Ink yopanga magalasi otere. Cowerengera coyamba ca galasi la mtunduwu cinali Librie, cimene kampani ya Sony inayamba kugulitsa ku Japan mu 2004. Kindle ya kampani ya Amazon inatuluka mu November 2007, ndipo Kobo ya ku Canada inatsatira mu 2010. Zoyambazo zinalibe nyali, kotero kuti usiku munthu anafunikira koloboi monga ndi buku wamba. Kuyambira mu 2012 zambiri zimabwera ndi tinyali m'mphepete, timene timaunikira tsamba kucokera kutsogolo. Mu basi ya usiku munthu angathe kuwerenga popanda kusautsa mnzace wogona pambali.

SI ZA ANA OKHA

Ife a msinkhu wathu nthano za zithunzi sitiyamba kuziona lero. M'zaka za m'ma 1970 magazini ya Orbit inali kufika m'masukulu a dziko lino, ndipo ambiri a ife tinali kuthamangira masamba ace a zithunzi tisanawerenge zina zonse. Akulu athu anali atasunga makope ong'ambika a African Film, magazini ya zithunzi zojambulidwa ndi kamera yosimba za wofufuza milandu Lance Spearman, imene inagulitsidwa m'maiko ambiri a mu Africa kuyambira 1968 mpaka 1972. Kope limodzi linali kuyenda m'manja mwa kalasi yonse kufikira litafewa ngati nsanza. Ana athu nawo anakula ndi Supa Strikas, nthano ya mpira yocokera ku South Africa.

Aphunzitsi ena anali kutilanda timabukuto, amvekere ndi zotaya nthawi. Komabe mbiri yace ionetsa kuti anthu anzeru anaona mphamvu yace kale. Tintin, mtolankhani wacinyamata wodziwika pa dziko lonse, anaonekera koyamba pa 10 January 1929 m'masamba a ana a nyuzipepala ya Akatolika ya ku Belgium, Le Vingtième Siècle, imene mkulu wace anali wansembe Norbert Wallez. Kampani ya Marvel, mwini wace wa Spider-Man, inatulutsa moyo wa Francisko Woyera wa ku Assisi m'zithunzi mu 1980, moyo wa Papa Yohane Paulo Waciwiri mu 1982, ndi moyo wa Mai Teresa wa ku Calcutta mu 1984.

Zilipo zina zimene mwana wamng'ono sangazisenze. Keiji Nakazawa, amene anapulumuka bomba la ku Hiroshima ali mwana, anayamba mu 1973 kusimba zimene anaona m'nthano yochedwa Barefoot Gen. Art Spiegelman anajambula masautso a bambo wace m'ndende za cipani ca Nazi m'buku la Maus, limene linalandira mphotho ya Pulitzer mu 1992. Kuno ku Africa, Marguerite Abouet wa ku Côte d'Ivoire anayamba mu 2005 nthano ya Aya, yosimba moyo wa atsikana a m'komboni ya Yopougon mu Abidjan. Tsono ponena za makomiki tikunena za mabuku enieni, ena osangalatsa, ena ophunzitsa, ena oliritsa, ndi enanso oipitsa mtima.

SITIMA ZA KU JAPAN

Amene afuna kumvetsa ubale wa nthano za zithunzi ndi ulendo ayang'ane ku Japan. Kumeneko nthanozi amazicha manga, ndipo amaziwerenga ana, amai ndi abambo omwe. Mmisiri Osamu Tezuka, amene anayambitsa nthano ya Astro Boy mu 1952, ndiye anakuza kwambiri luso la kusimba nkhani yaitali m'timabokosi ta zithunzi. Anthu mamiliyoni ambiri ku Tokyo ndi ku Osaka amayenda pa sitima m'mawa ndi madzulo, ndipo kwa zaka zambiri mnzao wa pa njira anali magazini ya manga, yonenepa ngati buku la manambala a foni, yosindikizidwa pa pepala lochipa ndi inki ya mtundu umodzi. Mu 1995 magazini imodzi yotere, Weekly Shonen Jump, inafika posindikiza makope 6,530,000 pa mlungu umodzi.

Vuto linali kulemera ndi malo. Nthano imodzi ya manga imatha kutenga mabuku 30, 50, ngakhale oposa 100, ndipo nyumba za m'mizinda ya ku Japan ndi zopanikiza. Makina atabwera, owerenga anawalandira msanga. Mu 2016 Amazon inatulutsa ku Japan Kindle yapadera ya manga, imene anati ingasunge mabuku pafupifupi 700. Mu 2017 ndalama zocokera ku mabuku a manga a pa makina zinaposa kwa nthawi yoyamba zocokera ku mabuku a manga a pepala.

Pali zifukwa ziwiri zimene manga amakhalira bwino pa cowerengera. Coyamba, pafupifupi onse ndi akuda ndi oyera, ndipo galasi la cowerengera limatha kuonetsa milingo 16 kucokera pa kuda bii kufika pa kuyera mbee. Caciwiri, buku la manga ndi laling'ono, masentimita pafupifupi 18 m'litali, kotero tsamba lace likalowa pa galasi silicepa kwambiri. Zimene mdzukulu wathu anali kuwerenga pa ulalo wa Luangwa zinali za mtundu umenewu, ndipo ndico cifukwa cace zinationekera zokongola cotero.

PAMENE TSAMBA LIKANA KULOWA

Tisafulumire kuganiza kuti nthano zonse za zithunzi zidzaoneka comweco. Galasi la cowerengera wamba ndi la mainchesi 6 kuyeza copingasa, ndiye kuti masentimita pafupifupi 9 m'lifupi ndi 12 m'litali. Komiki ya ku America imakhala ya masentimita pafupifupi 17 ndi 26, ndipo mabuku a ku Belgium ndi ku France, monga a Tintin ndi Asterix, amafika masentimita 30 m'litali. Tsamba lotere likafinyidwa kuti lilowe pa kagalasi ka mainchesi 6, mau a m'zithunzi amacepa ngati nyerere. M'buku la mau okhaokha munthu angakulitse zilembo monga afunira, koma mau a m'komiki ndi mbali ya cithunzi: kuti muwakulitse muyenera kukulitsa tsamba lonse ndi kumalikoka ndi cala uku ndi uku. Galasi la mtundu uwu limacedwa kusintha, limaphethira, ndipo nthawi zina limasiya cithunzithunzi ca tsamba lapita.

Ogulitsa ena anapeza njira yoonetsa kabokosi kamodzi pa nthawi, ndipo kampani ya comiXology, imene Amazon inagula mu 2014, inachuka nayo njirayi. Imathandiza ndithu, koma imabisa cimene mmisiri anafuna kuti diso lione pamodzi, makamaka cithunzi cacikulu codzaza masamba awiri. Zowerengera za mainchesi 7 kapena 8 zimakwanira bwino manga. Za mainchesi 10 zimalandira ngakhale makomiki aakulu, koma zimalemera magalamu pafupifupi 400, sizilowa m'thumba la malaya, ndipo mtengo wace ndi wokwera kwambiri.

Nanga za mitundu? Mu 2024 Kobo ndi Amazon anatulutsa zowerengera zoonetsa mitundu. Pamwamba pa galasi lija la zakuda ndi zoyera anayalapo kansalu kosefa kuwala, kamene kamapereka mitundu 4,096. Koma pamene zakuda ndi zoyera zimaoneka ndi timadontho 300 pa inchesi imodzi, za mitundu zimaoneka ndi 150 cabe, ndipo mitunduyo ndi yofuwa ngati ya nyuzipepala yakale. Kansaluko kamadetsanso tsamba, kotero munthu amayatsa nyali kawirikawiri ndipo batire limatha msanga. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere: cithunzi ca pa katoni ya m'sitolo cisakunyengeni, pemphani kuti akuyatsireni muone ndi maso anu.

BATIRE NDI KAMBA WA PA NJIRA

Opanga zowerengera amalemba kuti batire limakhala milungu 6, ena milungu 10 kapena 12. Tiwerenge bwino. Ciwerengeroco amacipeza poganiza kuti munthu awerenga theka la ola pa tsiku, intaneti ili yozima ndi nyali ili yocepa. Milungu 6 pa theka la ola pa tsiku ndi maola 21. Popeza magetsi amadyeka potembenuza tsamba, ndipo wowerenga zithunzi amatembenuza masamba mofulumira kuposa wowerenga mau okhaokha, maolawo amacepanso. Ngakhale zili tero, ndi okwanira ulendo wa ku Chipata kupita ndi kubwera. Amene anakwerapo sitima ya TAZARA, pa njanji ya makilomita 1,860 kucokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, adziwa kutalika kwa usiku uwiri m'sitima, ndipo adziwanso kuti foni yoonerapo zithunzi siingafike ndi pa Mpika pomwe. Cilala ca 2024, pamene madzi a ku Kariba anacepa ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, cinatiphunzitsa tonse mtengo wa cipangizo cosapempha kuchaja tsiku ndi tsiku. Foni nayo imapumula, ndipo batire lace limasungikira kuimbira amene akukucingamirani.

Monga munthu amakonza kamba asananyamuke, mabukunso aikidwe m'cowerengera ulendo usanayambe. Zowerengera zambiri zimalandira mabuku kudzera pa Wi-Fi kapena pa nthambo yocokera ku kompyuta, ndipo m'mapiri a ku Luangwa simudzapeza zimenezi. Tsegulani buku lililonse muli kunyumba, muone ngati lalowa lonse, cifukwa nthawi zina pamaoneka cikuto cokha pamene buku lenileni likali ku sitolo ya pa intaneti. Kumbukiraninso kuti buku limodzi la zithunzi limatenga malo a mabuku a mau okhaokha makumi angapo, ndipo limadya mabandulo mofananamo. Cowerengera ca 8 GB cimadzaza msanga; wokonda zithunzi asankhe ca 16 GB kapena 32 GB. Zimitsani intaneti mukanyamuka, ndipo mukakwera ndege cowerengera ndi batire lapadera locichajira zikhale m'cola ca m'manja.

MSERU, GALASI NDI MBALA

Titaoloka Luangwa, mseu unayamba kukhotakhota polowera ku Kacholola. Posakhalitsa mnyamata uja anatseka cowerengera, nkhope itatumbuluka, nati, "Agogo, m'mimba mwanga mukutembenuka." Cimene cimacitika ndi ici: m'kati mwa khutu muli tiziwalo timene timauza ubongo kuti thupi likuyenda ndi kupendekeka, pamene maso, poti ali pa tsamba losasuntha, amauza ubongo kuti thupi lili phee. Mauthenga awiriwa akasemphana, munthu amamva cizungulire ndi mseru. Pepala ndi makina n'cimodzimodzi pa nkhaniyi, ndipo timau tating'ono ta m'zithunzi timaonjezera vutolo. Mankhwala ace ndi kutseka buku, kuyang'ana kutali kutsogolo, ndi kulola kamphepo kulowa. Tinamuuza adikire mseu woongoka, ndipo pofika ku Nyimba anali kudya nthoci ndi kuseka. M'sitima ndi m'ndege vutoli limacepa, popeza sizikhota mwadzidzidzi.

Cinthu caciwiri ndi kusweka. Pansi pa inki ija, m'zowerengera zambiri, pali galasi lopyapyala kwambiri. Kulikhalira, kulipinda m'thumba la kumbuyo, kapena kuliika pansi pa thumba la ufa, kungaliswe m'kati ngakhale kunja kukuoneka kwabwino, ndipo kulikonza kumafuna ndalama zoyandikira mtengo wa catsopano. Cikuto colimba n'cofunika. Zina anazipanga kuti zisalowe madzi, koma si zonse, ndipo fumbi ndi kutentha kwa pa zenera la galimoto yoima pa dzuwa zimaononga batire.

Cacitatu ndi mbala. Wakuba sasiyanitsa cowerengera ndi foni yodula. Pa malo okwerera basi, pamene anthu amapanikizana, cikhale m'kati mwa cola. Komiki ya pepala ikatayika, mwataya buku limodzi. Cowerengera cikapita, mwataya ndalama zambiri tsiku limodzi, ngakhale kuti mabuku ogulidwa m'sitolo ya pa intaneti angathe kubwezedwa pa cipangizo cina.

KODI BUKULO NDI LA YANI?

Funso ili ndilo linatidetsa nkhawa koposa. Pamene tigula buku la pepala, ndi lathu: tingabwereke mnansi, tingagulitse, tingasiyire adzukulu. Mabuku ambiri a pa makina ali ndi loko wosaoneka, womangirira bukulo ku dzina la wogula ndi ku zipangizo za kampani imodzi. Cimene munthu amalipira ndi cilolezo ca kuwerenga. Librie ija ya mu 2004 inali ndi mabuku amene anali kudzitseka okha pakapita masiku 60. Mu July 2009 Amazon inafafaniza m'zowerengera za anthu mabuku awiri a George Orwell, 1984 ndi Animal Farm, itazindikira kuti amene anawaika pa malonda analibe cilolezo. Inabweza ndalama ndipo mkulu wace Jeff Bezos anapepesa, koma dziko linaona kuti dzanja lakutali lingathe kulowa m'cola ca munthu. Mu 2019 Microsoft inatseka sitolo yace ya mabuku, ndipo mabuku amene anthu anagula analeka kutseguka, iwo nalandira ndalama zao. Mu December 2023 pulogalamu ya comiXology inatsekedwa ndipo owerenga anasamutsidwira ku ya Kindle. Nkhaniyi inakula kotero kuti boma la California ku America linakhazikitsa lamulo, logwira nchito kuyambira mu January 2025, lokakamiza ogulitsa kunena poyera ngati cimene agulitsa ndi cilolezo cabe.

Makolo athu anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Alipo osindikiza amene amagulitsa makomiki opanda loko, m'mitundu ya mafailo yochedwa PDF, EPUB kapena CBZ, ndipo amenewo munthu angawasunge pa kompyuta yace. Funsani musanagule ngati cowerengeraco cimatsegula mitundu imeneyi: za Kobo zimatsegula CBZ mwacindunji, pamene za Kindle zimafuna kuti failo yotere iyambe yasinthidwa. Kugula m'masitolo a kunja kumafunanso khadi la ku banki lolipira pa intaneti m'ndalama zakunja.

Ana amadziwa njira ina yacidule, ya makope obedwa amene amapezeka mwaulere. Tiwauze zoona: mmisiri amakhala usiku wonse kujambula tsamba limodzi, ndipo kope lobedwa silimpatsa kanthu. Ku Japan komweko, kuyambira mu January 2021, kutenga mwadala manga obedwa pa intaneti ndi kulakwira lamulo.

CIKUTO CIMENE KHOLO SILIONA

Kale mai ankadziwa cimene mwana akuwerenga pongoyang'ana cikuto. Cowerengera cimaoneka cimodzimodzi kunja, kaya m'kati muli nthano ya kalulu kaya muli zolaula. Ambiri a ife timaganiza kuti zojambula zonse ndi za ana, ndipo pamenepa ndi pamene timapusitsika. Ku Japan manga amagawidwa monga mwa owerenga ace: shonen ndi a anyamata, shojo ndi a atsikana, pamene seinen ndi josei ndi a amuna ndi akazi acikulire, ndipo ena mwa awa ali ndi ciwawa ndi zamaliseche zosayenera mwana konse. Osindikiza a Cingerezi amaika zizindikiro: A ndi ya onse, T ndi ya acinyamata, M ndi ya akulu okha. Zowerengera zambiri zili ndi malo amene kholo lingaikepo nambala yacinsinsi, kuti mwana asalowe m'sitolo kapena kugula yekha.

Ngakhale mabuku akale ochuka afunika diso la kholo. Nthano ya Tintin ku Congo, ya mu 1930 ndi 1931, inajambula anthu akuda ngati ana opusa, ndipo mlembi wace Hergé anavomera pambuyo pace kuti anatengera maganizo a tsankho a nthawi ya atsamunda. Mwana wathu akakumana ndi zotere ali yekha, amameza osatafuna. Akakumana nazo pali wamkulu pambali, limakhala phunziro la mbiri.

Loko woposa onse ndi kukhala pafupi. Ulendo wautali ndi mwai wosowa: maola asanu ndi atatu pa mpando umodzi, popanda nchito yoitana. Mfunseni mwana akusimbireni nkhaniyo, ndani wabwino, ndani woipa, ndipo cifukwa ninji. Ife tinatero kuyambira pa Petauke mpaka pa Katete, ndipo tinamva zambiri za mtima wa mdzukulu wathu zimene sitinazimvepo m'caka conse.

TSONO TIGULE KAPENA AI?

Yankho lidalira pa cimene mwana amawerenga ndi pa thumba la banja. Ngati amakonda manga ndi nthano zina zakuda ndi zoyera, ngati banja limayenda maulendo aatali, ndipo ngati pali njira yoongoka yopezera mabuku, cowerengera ca mainchesi 7 ndi bwenzi labwino. Ubwino wace wina ndi wakuti sicilira, sicibweretsa mauthenga, ndipo sicikopa mwana ndi makanema. Ngati amakonda makomiki aakulu a mitundu yowala, tabuleti kapena pepala lenileni zidzamkomera koposa. Nthano za ku South Korea zochedwa webtoon, zimene amaziwerenga potsetsereka ndi cala kucokera pamwamba kupita pansi, anazipangira foni, ndipo pa cowerengera zimayenda mokakamira. Tisaiwalenso kuti foni imene ili kale m'nyumba ndi laibulale: mu 2014 bungwe la UNESCO linafalitsa kafukufuku wa anthu oposa 4,000 m'maiko 7, kuphatikizapo Zimbabwe, Kenya ndi Ghana, woonetsa kuti ambiri amawerenga mabuku pa foni, ndipo ena amawerengera ana ao. Ndalama za sukulu ndi za cakudya zisapite ku cipangizo cimene pambuyo pace cidzakhala copanda mabuku.

Tinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Usiku umenewo, atatha kudya, ana asanu ndi mmodzi anaunjikana pa mphasa, mitu pamodzi, kuzungulira kagalasi kamodzi kowala pang'ono. Mau ace anali a Cingerezi, ndipo aang'ono sanali kumva. Tsono mnyamata uja anasanduka womasulira: anali kuloza kabokosi ndi cala, nasimba m'Cinyanja, nasintha mau monga mwa munthu wolankhulayo, anzace akuseka ndi kumtsutsa. M'mawa mwace tinayang'ana m'nkhokwe yonse ya mabuku a m'cowerengeraco, ndipo sitinapezemo ndi limodzi lomwe la cilankhulo cathu.

Tinamuuza kuti za kugula tidzakambirana ndi makolo ace zotsatira za mayeso zikatuluka. Koma pobwerera, pa sitolo ina ku Katete, tinamgulira kope losalemba mizere ndi mapensulo awiri, popeza usiku waciwiri agogo ace aakazi anasimba nthano ya kalulu ndi njobvu, ndipo iye anafunsa ngati alipo amene anaijambulapo. Inu acinyamata a luso la manja, amene mumadzaza zikuto za makope anu ndi zithunzi, funsolo likufunsa inu. Tinafika pa ulalo wa Luangwa iye atajambula kale timabokosi tinai, ndipo anayambira ku manzere.